Nsalu Yaitali ya Mayi Verónica

Zoti Mayi Verónica a kuseri kwa merikadu, msika wa ku Cuamba, amavala chithumwa pakhosi ndi bodza, ndipo amene anayambitsa nkhaniyi timamudziwa, ndi telala uja amasoka mathalauza miyendo yosiyana kutalika. Inde, pakhosi pawo pali kachingwe, ndipo kumapeto kwake kuli kanthu kobiriwira kobisala m'bulawuzi. Inde, pokasamba amakapachika pamsomali n'kumakayang'anitsitsa ngati mkaka uli pamoto. Koma imvani kaye.

Mayiwa anaphunzira kupeta maluwa pansalu ali mtsikana, kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndi singano ya pamanja. Nkhondo itatha anabwerera ku Mandimba, ukwati n'kuwatsitsira ku Cuamba. Chaka china fodya wa amuna awo atachita bwino, anakwera komboyo, sitima ya pamtunda ija, kupita ku Nampula, n'kubwerako ndi makina opeta okha, komputadori, ndi kanthu kobiriwira kaja. Kanthuko ndi kiyi. Ukakalowetsa m'komputadori pulogalamu yojambulira imatseguka, makina n'kuyamba kuthamanga, ukakazula, zii. Wogulitsayo analumbira kuti akalipira kamodzi basi, pulogalamu yatsopano iliyonse azilandira ulere mpaka kalekale.

Ndipo kwa zaka zambiri zinkatero. Aliyense wofuna chizindikiro pachifuwa cha malaya ankathera kwa mayiwa: masukulu, makwaya, alimi a fodya a ku Ngauma, ndi timu ya mpira ya ku Etatara ija inaumirira tambala koma n'kujambula bakha. Chilichonse chinkasungidwa m'komputadorimo.

Tsiku lina Sérgio wokonza mafoni, amene ankawaikira pulogalamu yatsopano ikatuluka, anafika akukanda m'mutu.

"Mayi, kampani yopanga pulogalamu ija agula ena. Eni atsopanowa akuti lonjezo lija linali la akale, iwo silikuwakhudza."

"Iwe Sérgio, wolowa chokolo satenga mkazi ndi ana omwe?"

"Awa atenga mkazi yekha, mayi. Yatsopanoyo ndi yobwereka, mwezi ndi mwezi, ndipo kiyi wanuyu siimudziwa, makina anuwanso siiwadziwa. Yakaleyi izigwirabe ntchito malinga komputadoriyi ikupuma."

"Nanga ikafa?"

"Zojambula zanu zonse zifera momwemo. Palibe china chimazitsegula."

Onse awiri anatembenuka kuyang'ana komputadori ija. Inali itayamba kale kutsokomola ngati agogo osuta chingambwe, ndipo ikatentha inkangozima yokha.

Ena akanalira, ena akanapita kukatukwana ku Nampula. Mayi Verónica anapita kukagula nsalu yoyera mpukutu wathunthu. Dzinja lonse, anthu ali kuminda ndipo ntchito itachepa, iwo ankatsegula chojambula chimodzi, kuchipeta pansaluyo, n'kutsegula china. Komputadori anaikhazika panjerwa kuti mphepo izidutsa pansi, dzanja limodzi likuikupiza ndi lichero. Ikazima ankainyengerera: "Dzuka, mkazi mnzanga, sitinamalize." Mpukutu utatha analumikiza wina. Telala wa miyendo yosiyana uja anauza merikadu yonse kuti mayiwa akudzisokera nsalu yowaikira m'manda.

Komputadori inafa m'mawa wina dzinja litatha, ndipo tsoka silisankha tsiku. Masana ake anatsika pachapa, minibasi ya kwathu kuno, Bambo Custódio, otsogolera kwaya ina ya ku Massangulo, fumbi mpaka m'nsidze, atasenza thumba la malaya oti apetedwe chikondwerero chisanafike. Chizindikiro cha kwayayo, nkhunda yoluma ngala ya mapira, anachijambula ndi dzanja lawo malemu amene anayambitsa kwayayo. Pepala lake chiswe chinadya kale, ndipo malaya akale anatha ndi kuchapa, moti chinatsala m'komputadori ya mayiwa mokha.

Atamva za maliro a komputadori, bambowa anakhala pansi pakhonde osafuna ndi mpando womwe.

"Ndiye nkhunda ya malemu yapita, mayi?"

"Bambo, mukulira maliro mtembo musanauone? Gwirani uku."

Anatulutsa nsalu ija. Bambo Custódio anagwira nsonga, Sérgio n'kumafunyulula chobwerera m'mbuyo. Inadutsa pakhonde, inadutsa pa ogulitsa makala, inakafika pamtengo wa mango nsalu isanathe. Anthu inu! Merikadu inaima. Panali masukulu amene anasintha mayina, timu zimene zinatha ndi ndewu, gulu la amayi a ku Lúrio limene otsala ake ndi owerengeka. Anthu ankayenda m'mbali mwa nsaluyo pang'onopang'ono, manja kumbuyo, ngati akuyenda pakati pa manda a kwawo. Mwamuna wina wa chimimba anapeza bakha wa ku Etatara n'kuvula chipewa. Telala uja anazemba n'kubwerera ku mathalauza ake.

Chapakatikati Bambo Custódio anagwada. Nkhunda inali pomwepo, ngala ya mapira kukamwa, phiko lamanzere lopindika monga linapindikira m'dzanja la malemu.

"Koma makina aja sagwiranso, mayi. Mupeta ndi chiyani?"

Mayi Verónica anazula singano pa duku lawo.

"Iyi. Ndizionera apa."

"Maso alipo koma?"

"Maso ndi anga, bambo, sindinabwereke kwa kampani."

Malaya anafika ku Massangulo chikondwerero chisanayambe, ndipo oimba akale akuti nkhunda ya pamanjayi ndiyo yafanana kwambiri ndi ya malemu. Lero mukafuna chizindikiro chanu mumapita kukachiloza pansalupo, n'kudikira, chifukwa singano sithamanga. Makina aja anawafunditsa chitenje cha kapulana, pamwamba pake pamagona mphaka.

Sérgio anawafunsa chifukwa chake akuvalabe kanthu kosatsegula kalikonse. Anamuyankha kuti anauzidwa kuti n'kawo mpaka kalekale, ndipo ngati kampani inaiwala mawu ake, iwo sanaiwale.

Chimene chili pakhosi pa Mayi Verónica si chithumwa, ndi kiyi wa pulogalamu imene eni ake anaphwanya lonjezo.