Bokosi la a Mawaya

Anthu a mumsewu wawo ankawatchula a Mawaya, chifukwa m'thumba la malaya awo simunkasowa kachidutswa ka waya. Anagwira ntchito zaka zoposa makumi awiri pakampani yokonza makina okopera mapepala, akuyenda ofesi ndi ofesi ndi kachikwama ka zitsulo, zala zili bii ndi inki. Sanakwatire. Ankakhala m'chipinda chakumbuyo kwa nyumba ya mlongo wawo wamng'ono, mayi wosoka zovala amene aliyense ankangomuti Telala. Akafunsidwa za banja ankayankha kuti makina akakwiya amadziwa pomasula, koma munthu sabwera ndi buku la malangizo.

Atapuma pantchito anayamba chinthu chimene abale anachiseka poyamba. Anayenda khomo ndi khomo kubwereka zithunzi zakale, makaseti a mawu ndi matepi a vidiyo amene ankangochita nkhungu m'masutikesi. Ankati zonsezi zikhale pamalo amodzi, kuti aliyense wofika panyumbapo aziona pa TV kapena pafoni yake. Anapeza kompyuta yakale imene ofesi ina inkataya, anaipukuta, anaiwonjezera memore kuti isamachedwe, anaika fani yatsopano yoziziritsira ndi madisiki anayi osungira zinthuzo, awiri a zithunzi, awiri a mawu ndi mavidiyo. Pansi pa tebulo anaika batire lalikulu loti lizigwiriza magetsi akathima. Waya wabuluu anamudutsitsa pamwamba pa chitseko, kulambalala makina osokera, mpaka pa rauta, kachipangizo kolumikizira mafoni ndi TV pabalaza. Iwo ankati ndi seva. Telala ankangoti bokosi.

Ankakonda kumufotokozera iye ali kalikiliki ndi nsalu za anthu. Ankati bokosilo silifuna liwiro ngati makompyuta a masewera. Limangofuna mpweya, magetsi osadumphadumpha, ndi madisiki oyenda awiriawiri, kuti imodzi ikafa inzake itsale ndi zonse. Telala ankagwedeza mutu, mapini ali kukamwa, mawuwo akulowera khutu ili n'kutulukira linalo. Kwa iye chinali chinthu chosokosera basi. Komabe Lamlungu masana abale akadzaza pabalaza, malemu mayi awo n'kuoneka pakanema akuseka, atanyamula khanda limene lero lili ndi imvi, iyenso ankasiya ulusi n'kukhala nawo pansi.

Kenaka impso za a Mawaya zinayamba kuvuta. Anagona m'chipatala milungu itatu, thupi likutha, koma mutu uli bwinobwino. Tsiku lina Telala akuwapukuta manja, anamugwira mkono.

"Mlongo, pabokosi paja pakuyaka kanyale kofiira. Disiki imodzi yatopa. Yatsopano ili m'dirowa ya pansi. Uitane mayi uja ndinkagwira naye ntchito adzaike."

"Achimwene, chirani kaye. Mukaika nokha."

A Mawaya anamwalira patapita masiku anayi.

Maliro atatha, Telala analowa m'chipinda chawo kamodzi kokha. Anaona nsapato zawo zitayang'ana kukhomo, jekete lili pamsomali, mtima wake n'kukana. Anatseka mawindo, anakoka makatani, anakiya chitseko. Bokosilo linatsala likuyenda m'katimo, pansi pa malata, miyezi isanu ya dzuwa loswa mtengo. Akamasoka ankalimva likung'ung'udza kuseri kwa khoma, ndipo phokosolo linkamutonthoza ngati kuti mwini wake akadali momwemo. Za kanyale kofiira ankazikumbukira ndithu, koma tsiku lililonse ankati mawa. M'mawa wina kung'ung'udza kuja kunasanduka kugogoda, pofika masana kunali zii.

Telala anaitana mayi amene a Mawaya anamutchula uja, ndipo anabwera tsiku lomwelo. Anali wamfupi, wa magalasi, ndipo ntchitoyo anaiphunzira kwa malemuwo. Atatsegula chitseko, mpweya wotentha unawamenya kumaso. Fani inali itatsekeka ndi fumbi ndi tiulusi ta nsalu. Disiki yatsopano anaipeza m'dirowa muja, ikadali m'pepala lake. Ananyamula bokosilo kupita nalo kushopu kwake, ndipo analimbana nalo mlungu wathunthu.

Pobweza anafotokoza mosazungulira. Zithunzi zonse zinapulumuka. Koma pa madisiki awiri a mawu ndi mavidiyo, yoyamba ndi ija inatopa mwini wake asanamwalire, yachiwiri inasenza katunduyo yokha mpaka kutentha kunaimaliza. Anayesa njira zonse zimene ankadziwa, osatolapo kanthu. Telala anafunsa kuti akanamuitana nthawi ija zikanatheka kodi. Mayiyo anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, n'kunena kuti inali ntchito ya theka la ola.

Telala anatseka makina ake masiku atatu n'kuyenda mwa abale kufunsa makaseti aja. Ambiri anali atataya. Ankati asungirenji zinyalala pamene zonse zili m'bokosi? Anatolera matepi asanu ndi awiri, koma awiri okha ndi amene analira, ndipo imodzi inali ya nyimbo zojambula pawailesi. Mawu a mayi ake sanawapezenso paliponse.

Patapita mwezi kunabwera azakhali awo, mlongo wa bambo awo, gogo woyenda ndi ndodo. Chaka chilichonse ankakwera basi ulendo wa maola anayi kudzamva m'bokosimo mawu a kaseti imodzi, imene malemu amuna awo anawatumizira ali anyamata, akugwira ntchito kutali. Kaseti yeniyeniyo anapatsa zidzukulu, zinaisolola n'kumangira tigalimoto. Anakhala pampando wawo wa nthawi zonse, anatsamira ndodo pakhoma, nati ayatsiridwe bambo aja.

Telala akanatha kunamizira magetsi kapena makina. Anagwada pambali pa mpandowo n'kunena zonse, za kanyale, za mawindo, za mawa lake lija. Azakhali anamvetsera osamudula.

"Ndiye kuti andisiyanso kachiwiri," anatero.

Telala analira ngati mwana. Gogoyo anamuika dzanja pamutu.

"Dzuka, mwana wanga. Iwe unkalira mlongo wako. Wamisozi saona nyale."

Anapempha kuti aone zithunzi. Anafufuza pamodzi mpaka anapeza chimodzi cha amuna awo ataima pambali pa njinga, chipewa chili m'manja. Azakhali anasendera pafupi ndi TV nati mawu a m'kasetimo amawadziwa pamtima, awanena okha. Anayamba bwino, moni wa kwa iwo ndi kwa ana, kenaka za chimfine chimene chinawagwira kumeneko. Atafika apo anaima. Anabwerezanso kuyambira pachiyambi, naimanso pomwepo. Anaseka pang'ono n'kunena kuti mutu wakalamba.

M'mawa mwake Telala anawaperekeza kokwerera basi, atawanyamulira chikwama ndi diresi limene anawasokera. Anawapezera mpando wa pawindo. Basi itayamba kuyenda anaona milomo yawo ikugwedera, maso ali kutsogolo, akuyesabe. Anaima pamenepo mpaka inakhota pangodya, kenaka anabwerera kukamaliza mayunifolomu amene eni ake ankadzatenga madzulo.