Tambala wa Atelala Anasamutsidwa

Mumsewu mwathu aliyense amawadziwa Atelala, mayi amene amasoka pakhonde, tepi ili m'khosi, mapini ali pakamwa. Zipi yanu akhoza kuigoneka mwezi wathunthu, koma nkhuku zawo sizinagonepo ndi njala. Ndi nkhuku zija zopanda nthenga m'khosi, zooneka ngati zathawa kometa ntchito ili pakati. Mbewu yake anawasiyira malemu mayi awo, ndipo analumbira kuti siidzathera m'manja mwawo.

Mwini khola anali tambala wofiira, dzina lake Sajeni. Vuto linali loti kuseri kwa mpanda kumakhala mlonda wa kubanki, amene amaweruka m'mawa kuti agone. Iye akangotseka maso, Sajeni amatsegula kukamwa.

"Aneba, mwana wanuyu ndidzam'dya ine," ankatero mlondayo.

"Mudzayambe mwadya ine, achimwene."

Sanam'dye. Anakadandaula kukhonsolo. Kunabwera bambo wina woonda, wa nsapato zonyezimira, nayendera khola akuponda mosankha. Anati khola n'laukhondo, mathadzi lamulo likulola, koma tambala mumzinda muno ayi. Akadzam'pezanso, khola lonse lidzatsekedwa.

"Nanga anapiye azichokera kuti, bwana? Kuofesi kwanu?"

"Ine ndimangotsata lamulo, mayi."

"Inuyo munabadwa popanda bambo?"

Bamboyo anayang'ana nsapato zake.

Atelala anayamba ayesa kaye zobisa. Anam'tsekera Sajeni kubafa, koma mawu ake anamveka bwino kuposa kale, ngati wapatsidwa maikolofoni. Anam'sokera kachipewa kophimba maso kuti aziyesa kunja sikunache. Analira atavala chipewacho. Ife tinkaonera pa mpanda, ndipo sindinama, nthiti zinandipweteka.

Kenaka anapita okha kukhonsolo, atavala diresi la kutchalitchi, ndi funso limodzi lokha: mzinda umathera pati? Anawauza kuti umathera pa mlatho, kupitirira siteji yomaliza ya minibasi. Kutsidya kwa mlathowo kumakhala alamu awo, opala matabwa. Tsiku lomwelo Sajeni anakwera minibasi m'katoni, mutu uli panja, akuyang'ana okwera anzake ngati ndiye mwini galimoto.

Tonse tinati nkhani yatha. Tinaiwala kuti awa ndi mayi amene amasula msoko kasanu mpaka uwongoke. Loweruka lotsatira tinawaona akutuluka ndi dengu, mathadzi awiri ali m'katimo.

"Ulendo wa kuti, Atelala?"

"Kukaona bambo a ana."

Anawasiya kumeneko masiku angapo, anakawatenga, mathadziwo anaikira, anafungatira. Dzira ngakhale limodzi silinaswe. Onse anawola, ndipo fungo lake, mlonda uja anabwera kudzafunsa ngati kwafa galu.

Atelala anakwera minibasi nkhope itathina. Alamu awo, akupukuta utuchi m'manja, anaulula zonse. Pakhomo pawo pali misoti yambirimbiri yonenepa, ndipo Sajeni chifikireni sanapume. Akazi ake akale atabwera anangowayang'ana ndi diso limodzi n'kupitiriza ulendo.

"Alamu, mwamuna ndi mwamuna basi," anatero opala matabwawo akuseka.

"Achemwali anga akumva zimenezi? Tengani hamala."

Anawaimirira mpaka anakhoma kachipinda ka waya kuseri kwa shedi. Ulendo wachiwiri Sajeni anatsekeredwa mmenemo ndi mathadzi ake, misoti ya eni khomo ikuzungulira kunja. Atelala sanakhulupirire munthu. Ananyamula madiresi ofunika kupinda m'munsi, anakoka mpando, nakhala pomwepo tsiku lonse akusoka pamanja, diso limodzi pa singano, lina pa waya. Akuti nthawi ndi nthawi ankamveka akuti, "Iwe, ndikukuona."

Patapita masabata, m'mawa wina anandiitana pa mpanda. Pansi pa thadzi lakuda panali timitu tikusuzumira, timakosi tambee ngati makolo awo. Atelala, amene sindinawaonepo akugwetsa msozi ngakhale pamaliro, anali akupukuta m'maso ndi kansalu ka kasitomala.

Bambo wa kukhonsolo anabweranso anapiye atayamba kumera mapiko. Anawerama, nayang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, tambala mwam'bisa kuti?"

"Fufuzani. Kubafa komwe mulowe."

Anafufuza, mpaka pansi pa makina osokera. Anakagogoda kwa mlonda, yemwe anatuluka akuyasamula n'kunena kuti masiku ano akugona ngati mwana, chonde asam'dzutsenso. Bamboyo anabwerera ku khola, naloza kamwanapiye kena ka lipombo lofiira kamene kanali kutambasula khosi.

"Koma aka n'katambala aka."

"Kalira?"

"Sikanalire."

"Ndiye ndi mwana. Tsiku limene kadzatsegule kukamwa, kadzakwera minibasi kutsatira bambo ake. Asisi akewa ndi a mumzinda muno, sakupita kulikonse."

Bamboyo anakanda m'mutu, nati lamulo silikuletsa zimenezo. Atelala anali atabwerera kale pa makina awo, phazi likupalasa.