Mbewu ya Khofi ya Amayi

Mpaka lero ndikamva kafungo kowawasa, konga ka thobwa logona, ndimakumbukira mtsuko umene unakhala kuseri kwa khitchini yathu kufupi ndi Chiromo, chaka chimene agogo aamuna, bambo awo a Amayi, anamwalira.

Amayi sanali akuchigwa. Anabadwira kumapiri a Thyolo, ndipo Bambo atawalowola anatsika nawo kuchigwako, kotentha, kwa thonje ndi mapira. Zaka zonsezo thupi lawo silinazolowere, ankangokhalira kudzikupiza ndi nsonga ya chitenje. M'nyengo yozizira ya chaka chimenecho, malume anatsika ndi thumba panjinga. Munali zipatso zofiira za khofi, zomaliza za m'munda wa agogo, poti mundawo unali utapita kwa ena ndipo mitengo inali kuzulidwa. Ine ndinatafuna chimodzi n'kulavula njere zake. Amayi anazitola msangamsanga ngati ndamwaza mikanda.

Tsiku lomwelo tinakhala pamphasa kufinya chipatso chimodzichimodzi, njere ziwiri zoterera n'kumadumphira m'beseni. Zala zinanata, ntchentche za mudzi wonse zinabwera kudzationa. Kenako Amayi anathira njerezo mumtsuko n'kuvindikira ndi masamba a nthochi. M'mawa mwake anazitsuka, kusintha madzi kangapo, mpaka zinayamba kulira ngati timiyala. Potsukapo ankadziyankhulira m'Chilomwe, chimene ndinali ndisanawamvepo akuyankhula pakhomo pathu.

Njere zambiri anaziyanika kuti tidzakazinge. Koma zonenepa, zodzaza dzanja limodzi, anaziika palichero pansi pa bwemba, pamthunzi.

"Iyi ndi mbewu, Fanita. Uisiye pomwepa, wamva?"

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. "Amake Fanita, khofi kuno? Pokhapokha mulifunditse bulangeti dzuwali."

Patapita masiku atatu, Amayi analawirira kudimba. Ndinagwira njere zija, zinali zikadali zonyowa. Tsono kwathu chonyowa chilichonse, kaya mapira, therere kapena mlamba, mankhwala ake ndi dzuwa. Ndinadziona wanzeru kuposa mayi wondibala. Ndinanyamula lichero lija n'kulisanjika pamalata a bafa, n'kupita kukasewera phada mtima uli mbee.

Amayi pobwera anapeza njere zikuotcha m'manja, timakoko take titang'ambika. Sanandimenye, ndipo mpaka pano ndimalakalaka akanandimenya. Anangokhala pansi, lichero pamiyendo, n'kuyang'ana kumapiri nthawi yaitali.

Anazidzalabe, m'phale la mtsuko wosweka, pansi pa bwemba pomwepo. M'mawa uliwonse ndowa yoyamba yochokera kumjigo inkayambira pamenepo. Chilimwe chinafika, nthaka n'kung'aluka, iwo osaleka. Mpaka Bambo analeka kuseka, anamanga kampanda kaminga kuti nkhuku zisapalase. Mvula inagwa, m'phalemo munamera bonongwe basi.

Ine nyengo yonseyo ndinkayenda ndi mantha. Ndinkaganiza kuti Amayi sakudziwa kuti mbewu yawo inafa, ndipo ndinkaopa tsiku limene adzazindikire.

Tsopano nanenso ndinakwatiwa kutali, kumene ana anga amaseka ndikatulutsa mawu a Chisena, ndipo Amayi anagona kuchigwa komweko osabwereranso kumapiri. Ndimawasowa kwambiri. Mwana wa mlimi wa khofi sakanalephera kudziwa. Anadziwa pomwe anagwira njere zotenthazo. Kungoti tsiku losiya kuthirira likanakhala tsiku lovomera kuti kwawo kwatha.