Loko wa a NyaManda

Ndikakumbukira a NyaManda, amene tinkayang'anizana nawo makomo ku Chibanja ndili mwana, chimayamba kundifika ndi fungo la utuchi wa paini. Ankagwira ntchito ya ukalaliki pa kampani ina yogulitsa matabwa, ndipo madzulo akamatsika kanjira kathu kamatope, chikwama kukhwapa, nsapato za ku ofesi zili m'manja, kuphazi atavala patapata, juzi yawo inkanunkhira matabwa ongocheka kumene, fungo limene linkasakanikirana ndi utsi wa mbaula za m'makonde ndi chinyontho cha Mzuzu chosatha chija. Anali mayi wamtali wa ku Nkhata Bay, wolankhula mofulumira koma wochedwa kuseka. Ife ana tinkangowatchula kuti anti.

Nyumba zathu zinali za landilodi mmodzi, mpopi umodzi pakati, chingwe choyanikira zovala chimodzi. Ukayetsemula kwanu, a nyumba inayo ankadziwa kuti wayamba chimfine. Choncho aliyense pamalopo ankadziwa za mulu wa mabuku a akaunti umene unkakhala pa tebulo la pabalaza pawo. A NyaManda ankaphunzira kudzera pa positi. Mabuku ankabwera m'maenvelopu akuluakulu akhaki, iwo n'kumawerenga okha, kuyankha mafunso ndi kutumiza. Mayeso okha ndiwo ankayenera kukalemba pamaso pa anthu.

Ndinadzamva nditakula kuti poyamba bwana wawo anawapezera malo ku koleji ina ku Blantyre, kuti akakhale konko mpaka atamaliza, akabwerako akhale akauntanti wa kampaniyo. Abale a amuna awo anakhala pansi n'kuona kuti zimenezo n'zosayenera. Mkazi wa mwini angapite bwanji kutali chonchi pamene sukulu yomweyo ikhoza kumupeza pakhomo? Amuna awo, a Chirwa, dalaivala wa malole amene ankaoneka kunyumba mwa apo ndi apo, anati nzeru imeneyo ndi yabwino. A NyaManda anagonja, nasankha ya pa positi.

Chimene anthu anzeru aja sananene n'chakuti kwathu kuno mkazi amene ali pakhomo amatengedwa ngati alibe chochita. Buku likhale lotsegula pamaso pake, pensulo ikhale m'manja, odutsa amangoona munthu wokhala pampando. Woyamba kuwaona choncho anali mayi anga ondibereka. Ankagulitsa kaunjika mumsika, ndipo Loweruka m'mawa ankaima pakhomo pa a NyaManda, mng'ono wanga Tiwonge ali kumsana, ine andigwira padzanja.

"Odi kuno. Mwawuka uli, NyaManda? Poti muli pakhomo, ndingokusiyirani anawa. Ndibwera sono sono. Yewo chomene."

Sono sono ya mayi anga, ndiye kuti posachedwa m'Chitumbuka, inkatha dzuwa litapendeka. A NyaManda ankaika pensulo pakati pa buku, n'kulitseka, n'kunena kuti, "Asiyeni, amama." Tisanamalize phala ankafika wobwereka mchere amene ankakhala mpaka masana, kenako wofuna kulukidwa tsitsi, kenako amayi a kutchalitchi odzawatenga kuti akaone wodwala. Pamwamba pa onsewo panali a kunyanja. Wachibale aliyense wa amuna awo wobwera ku chipatala chachikulu ankafikira pa iwo, pamodzi ndi omudikirira ake, kathumba ka ufa wa kondowole ndi kausipa, ndipo wophika, wochapa ndi wonyamula chakudya kupita nacho ku wodi anali mwini mabuku yemweyo.

Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake buku lawo linkangokhala pa tsamba lomwelomwelo. Anali akupukuta Tiwonge mamina ndi nsonga ya chitenje. Anati, "Mwana wanga, mwana amalira, mlendo amati odi. Buku silinena kanthu, ndiye limakhala lomaliza."

Chaka chimene ndikukambachi bwana wawo anawauza mosabisa kuti mpando wa akauntanti sungadikirenso. Akalephera mayeso omaliza, kampani ilemba munthu wina. A NyaManda anatenga tchuthi kuntchito kuti awerenge, ndipo nkhani ya tchuthiyo inafika m'makomo onse iwo asanavule n'komwe nsapato. Anthu anasangalala ngati tchuthicho n'chawo.

M'mawa wina ndinapita kuseri kwa nyumba kukataya madzi otsukira mbale. Ndinali nditangowaona a NyaManda akutuluka atavala za ku ofesi, akukhoma chitseko chawo ndi loko wamkulu watsopano, n'kutsanzika mokweza kuti malo onse amve: "Ndapita ku tauni." Koma kuseriko, pakati pa nthochi, ndinawapeza atavula nsapato, ataponda pa ndowa yovundikira, mwendo umodzi uli kale m'kati mwa windo la kuchipinda. Mayi wamkulu, wa udindo kutchalitchi, ankalowa m'nyumba yakeyake ngati wakuba. Atandiona anaika chala pamlomo. Ndinagwedeza mutu, ndipo sindinauze munthu.

Masiku amenewo sankakoleza moto masana, chifukwa utsi ukanawaulula. Ankadya mbatata yozizira yophika mbandakucha, wailesi osatsegula, makatani otseka, kuzizira kwa mwezi wa Juni kuli m'mafupa. Mwana wawo anali ku sekondale yogonera konko, amuna awo ali pamsewu. Ine ndinkakhala pakhonde pathu n'kumaonerera anthu akubwera. Wobwereka mchere ankafika, kunena odi, kuona loko, n'kubwerera. Amayi a kutchalitchi ankati, "Achoka," n'kupitirira. Palibe amene anadandaula, palibe amene anafa chifukwa chosowa mchere. Anthu omwewo amene sankalemekeza mayi ali ndi buku m'manja ankalemekeza kachitsulo kolendewera pachitseko.

Amene zinawapweteka anali mayi anga. Loweruka lina anapita nafe kumsika, Tiwonge n'kulira tsiku lonse, anzawo n'kusankha zovala zabwino pa belo iwo akutonthoza mwana. Anabwerako atatupa. Sindikudziwa kuti ndowa ija anaiona liti pansi pa windo, koma anaiona, n'kusunga nkhaniyo mumtima.

Kenako kunabwera apongozi a a NyaManda, mayi a a Chirwa, pamodzi ndi mlongo wa a Chirwawo. Anabwera osatumiza uthenga, kudzaonetsa maso kuchipatala. Kunali kamvula kowaza kosaleka kaja. Ananena odi, anaona loko, nakhala pakhonde kudikira, zitenje atafunda kumutu. A NyaManda anali ku chipinda cha kuseri, mvula ikusokosa pamalata, ndipo sanamve kanthu. Mayi anga anali ndi moto pambaula ndi madzi a tiyi owira. Akanatha kuwaitanira kwathu alendowo, monga mmene mnansi aliyense amachitira. M'malo mwake anatuluka, napereka moni mwaulemu wonse, atagwada.

"Monire, amama. Phepani chomene ndi mvulayi. Koma musavutike kudikira. Mpongozi wanu ali m'nyumbamo."

Atatero mayi anga anazungulira okha kuseri kukagogoda pa windo. Zimene zinatsatira ndimaziona mpaka lero. Popeza loko anali kunja, a NyaManda sakanatha kutsegula ali m'kati. Anayenera kutulukira pa windo pomwe paja, kuponda pa ndowa, kudutsa m'matope opanda nsapato, kiyi ali m'manja, anthu a m'nyumba zonse ataima m'makonde. Anafika pamaso pa apongozi awo tsitsi litanyowa, pensulo ikadali kukhutu. Gogoyo sanakweze mawu. Anayang'ana loko, nayang'ana mpongozi wake.

"Ndiye kuti loko ameneyu munagulira ine?"

"Ayi, amama, sindinamve kuti mwabwera. Ndimawerenga. Mayeso ayandikira."

"Tsegulani, tazizidwa."

A Chirwa anaitanidwa kuchoka pamsewu. Kunabwera ankhoswe, kunabwera akuluakulu a kutchalitchi, ndipo ife ana tinathamangitsidwa, ngakhale kuti pa malo ngati amenewo khoma silibisa mawu. A NyaManda anagwada n'kupepesa. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti palibe ndi mmodzi yemwe amene anawaletsa sukulu. Onse ankanena mokoma kuti, "Sukulu ndi yabwino, sitikukuletsani, koma khomo la munthu wapabanja silitsekedwa." Atatero anamwa tiyi amene a NyaManda anawaphikira, n'kumapita. Loko anatengedwa ndi a Chirwa, akuti akakhomera bokosi la zitsulo pa lole.

Apongozi aja anachitidwa opaleshoni ya diso, ndipo masiku otsala a tchuthi anathera pa njira ya kuchipatala, a NyaManda atasenza basiketi ya chakudya. Mayeso anakalemba, koma sanakhoze. Mpando uja unapatsidwa kwa munthu wina, iwo n'kukhalabe kalaliki mpaka kupuma ntchito. Mabuku anawapereka kwa mayi wina wogulitsa mandasi pamsewu, moti kwa nthawi yaitali ndinkadya mandasi okulungidwa m'mapepala okhala ndi manambala a pensulo yawo, mafuta atalowerera. Ndipo amayi omwe aja obwereka mchere ndinawamva ndi makutu anga pampopi akunena kuti, "NyaManda sukulu inamukanika, mutu unali wouma."

Anamwalira zaka zingapo zapitazo, ndipo ndinapita kumaliro kwawo ku Nkhata Bay. Wolankhula m'malo mwa banja anawayamikira kuti anali mayi wa anthu onse, khomo lawo silinatsekedwepo, aliyense wofika ankawapeza. Anthu anavomereza ndi mitu. Ine ndinatuluka pagulupo n'kukaima kuseri kwa galimoto, chifukwa mkwiyo unali utandigwira, ndipo sindinafune kuti anthu aziyesa kuti ndi chisoni chokha.

Lero ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Geisha mu Mzuzu momwemo, ndimagwira ntchito mu ofesi ya za ndalama pa bungwe lina m'tauni. Chaka chatha akuntchito anandiuza zofanana ndi zimene anauzidwa a NyaManda: udindo wotsatira ukufuna digiri yachiwiri ya za bizinesi, imene anthu amangoti MBA. Njira zinali ziwiri. Ina ya pa intaneti, yophunzira pa laputopu nthawi imene wafuna, osakwera minibasi, osanyowa ndi mvula. Ina yokakhala m'kalasi pa yunivesite ya ku Luwinga kumapeto kwa sabata, pa mpando wouma, m'chipinda chozizira, mphunzitsi ataima kutsogolo.

Ya pa intaneti sindikuinyoza. Mnzanga wa ku ofesi, a Gondwe, anamaliza yomweyo ndipo anakhoza bwino. Koma ndinapitako kwawo tsiku lina masana. Akazi awo anandilandira monong'ona, ana akuyenda monyang'ama, TV yozima. "Adadi ali m'kalasi," anatero mayiyo, akuloza chitseko cha kuchipinda. Chitsekocho chinalibe loko. Ine nditayesa kamaphunziro kakafupi ka pa intaneti kamene ofesi inatipatsa, mahedifoni ali m'makutu, mphunzitsi akulankhula, alamu anga anandigwira paphewa kufunsa kumene ndinaika sefa.

Bambo a kunyumba anati, "Tenga ya pa intaneti, Wezi. Ndi yosavuta, ndipo uzikhala pakhomo." Mayi anga, amene tsopano akalamba ndipo amabwera kwathu kawirikawiri, anavomereza. "Eya, mwana wanga, sukulu ikupeze pakhomo. Mkazi wapabanja kumangoyendayenda Loweruka si bwino."

Ndinati, "Amama, mukuwakumbukira a NyaManda?"

"Amene anatsekera apongozi awo pamvula aja?"

Umo ndi mmene amawakumbukirira. Za ndowa, za kugogoda pa windo, za Loweruka lililonse limene ankatitula pakhomo pa a NyaManda, zonsezo zinafufutika. Sindinakangane nawo, ndi mayi anga. Koma m'mawa mwake ndinakalembetsa ya ku Luwinga.

Si yophweka. Ndimafika m'kalasi nditatopa ndi ntchito ya sabata yonse, minibasi imachedwa, maliro ena ndimafika mochedwa ndipo ndimamva zimene amanena. Koma m'kalasimo palibe amene amanena odi, ndipo foni ndimazimitsa n'kuiponya pansi pa chikwama. Ndikamatuluka m'nyumba Loweruka m'mawa ndimadzera pa khomo lakutsogolo, nsapato zili kuphazi, n'kutsanzika mokweza ngati mmene anachitira anti tsiku lija, kusiyana kwake n'kwakuti ine ndimapitadi.

Loweruka lapitali ndinakumana pageti ndi azakhali a bambo a kunyumba, atangotsika kuchokera kumudzi, chikwama pamutu, abwera kudzaonetsa mwendo kuchipatala. Ndinawapatsa moni mwaulemu, ndinawalandira chikwama n'kukachiika pakhonde. Anayang'ana mabuku anga.

"Mukuchoka, apongozi? Nanga ine ndiye nditani?"

"Lowani, azakhali, musadandaule," ndinatero. "Mwana wanu ali pakhomo."

Ndinatseka geti, n'kuthamangira minibasi.