Bakha Wovala Duku

Fraser Namalawa ndi uja amalemba zikwangwani pa Migowi. Mukaona nkhuku yonenepa pakhoma la golosale, kapena mutu wometedwa bwino pachitseko cha ometa tsitsi, ndi dzanja lake limenelo. Sukulu anailekezera Sitandade 7, koma burashi imamumvera. Masiku ano amagona m'kachipinda kuseri kwa shopu ya simenti, ndipo mukamufunsa kwawo amangoti, "Kwathu ndi pompano." Amanama. Zaka zisanu ndi zinayi anakhala pachikamwini kwa Nkhulambe, ndipo chimene chinamuchotsako ndi bakha.

Mkazi wake anali Aliness, mwana wawo mmodzi yekha, Tikondane. Apongozi ake, mayi Zelifa, sanamufunepo chiyambire. Kwa iwo mwamuna ndi khasu. Munthu wobwera kunyumba akununkha penti, thalauza ili mawangamawanga, anali mlesi wongotha nandolo wa eni. Fraser ankameza mate, paja mkamwini asamakule mwendo. Mwambo ankausunga kuposa akamwini anzake. Akaona apongozi akubwera m'njira, ankatsika njinga n'kupatukira m'chinangwa, nkhope italoza kuphiri. Zolankhulana zinkadzera mwa Aliness kapena kudumpha mpanda. Zaka zonsezo nkhope ya mayiwo sanaiyang'anepo. Ankadziwa mawu awo okha, ndipo mawuwo anali okwana kudwalitsa mutu.

Tikondane atabwereza Sitandade 1, agogo akewo anati mutu wouma watengera bambo. Fraser zinamuwawa kwambiri. Anagula kope, n'kutenga penti yotsala, n'kujambulira mwanayo kabuku koseketsa ka bakha wovala duku amene amakalipira aliyense. Tsamba loyamba akukalipira tambala chifukwa cholira. Kwina akukalipira mvula. Komaliza akukalipira nkhope yake yomwe m'chithaphwi mpaka kugweramo chamutu. Pansi pa chithunzi chilichonse analembapo mawu anayi kapena asanu, zilembo zikuluzikulu. Tisamuikire kumbuyo ayi: pojambula mlomo wa bakhayo mawu a apongozi ankalira m'makutu mwake. Koma nkhope inali ya bakha basi.

Mwanayo anaseka mpaka kugubuduka pamphasa, ndipo sabata ziwiri zisanathe ankawerenga masamba onse yekha. Kenako anatenga bolopeni ya bambo ake n'kuika kadontho pansi pa diso lamanzere la bakhayo, tsamba lililonse, ndi titsitsi tiwiri totuluka pakadonthopo.

"Nanga ichi n'chiyani?" anafunsa Fraser.

"Njerewere, ababa. Kuti akongole."

Fraser anangoseka. Akanadziwa bwanji?

Aphunzitsi a Tikondane, mayi Queen, anali mlendo wa ku Rumphi wosadziwa nkhope za m'mudzi. Kabukuko kanawasangalatsa, ndipo anakachita fotokope makumi atatu ku Migowi n'kugawira ana. Ana nawo salakwitsa: anamuzindikira bakhayo. Lamulungu mayi Zelifa akupita kutchalitchi, m'minda munayamba kumveka "kwaa, kwaa, kwaa." Kamtsikana kena kanawatsata m'mbuyo kakuyenda mopendamapendama. Atafika, amayi anzawo ankabisa pakamwa ndi chitenje.

Lolemba a Jonathan, mlongo wa mayi Zelifa yemwe ndi mwini mbumba, anaitanitsa Fraser pansi pa mtengo wa mango. Abale anakhala mozungulira. Mayi Zelifa anaima kuseri kwa mpanda, ndipo kabuku kanabwera kakuuluka n'kugwera pamapazi a Fraser.

"Zondisandutsa bakha ndilibe nazo ntchito, achimwene," anatero mayiwo. "Galu akakuuwa sugwada n'kumuuwanso. Koma mufunseni, njerewere yangayi anaiona liti? Ndi titsitsi tomwe anawerenga, tiwiri. Munthu amachita ngati akuthawira m'chinangwa, kani amakandisuzumira. Waona nkhope, china chimene waona n'chiyani? Bafa yanga ija ndi ya maudzu."

Aliness anaweramitsa mutu ndi manyazi. Apa m'pamene Fraser anazindikira chimene kadontho kaja kanali. Anayang'ana Tikondane atabisala kumbuyo kwa amake, akuyamwa chala. Mawu awiri okha, "ndi mwanayu," akanamupulumutsa. Koma ankawadziwa mayi Zelifa: mng'ono wawo weniweni sanamulankhule zaka khumi chifukwa cha lichero. Ndipo mwanayo adzakulira pakhomo pawo, kudya za m'nkhokwe yawo, munda woti adzalime udzachokera m'manja mwawo.

"Akamwini, tikudikira," anatero a Jonathan. "Njerewereyi anaika ndani?"

"Ndine, amalume."

"Ndiye munaiona."

Aliness anadzuka, n'kulavula pansi, n'kulowa m'nyumba akukoka mwanayo padzanja.

"Munabwera ndi njinga ndi burashi," anatero a Jonathan. "Tengani zomwezo. Nyumba mwamanga pa dothi lathu, mwana ndi wathu."

Palibe ndi mmodzi yemwe anamuchonderera. Akamwini anzake, amene ankamutuma kuwalembera mayina panjinga zawo mwaulere, ankangoyang'ana zala zawo zakumapazi. Anthu ake ndi amenewo.

M'mawa mwake anamanga zitini za penti pakaliyala n'kuyamba kukankha njinga. Asanafike pamsewu anakumana ndi mayi Zelifa akuchokera kumjigo, ndowa pamutu. Miyendo yake inafuna kupatukira m'chinangwa monga mwa chizolowezi, koma anaigwira. Sanalinso mkamwini wa munthu. Anaima pakati pa njira n'kuwayang'ana m'maso.

"Ukuyang'ananso?" anakalipa mayiwo. "Sunakhute?"

"N'koyamba, amayi," anatero Fraser.

Njerewere inalipo, pansi pa diso lamanzere, ndi titsitsi take tiwiri, kena kopindikira kumphuno monga momwe bolopeni ija inakapindira. Mwanayo sanaphonye ngakhale pang'ono. Fraser anamva kunyada, kenako ukali woti akanatha kuponya njinga m'ngalande. Tikondane anabadwa ndi diso la bambo ake, ndipo bambo akewo ankamusiya kwa munthu amene adzamulanda bolopeni n'kumupatsa khasu.