Ndinafufuta Dzina Lokha

Ndinamulonjeza mtsikana uja kuti palibe adzadziwe zoti mawuwo ndi ake. Tinali pa kafukufuku wa atsikana odzimana chakudya poopa kunenepa, m'mudzi wina kufupi ndi Namwera. Dzina lake ndinafufutadi n'kulembapo nambala 14, ndipo ndinadziona katswiri.

Tsiku louza mudzi zomwe tapeza, ndinawerenga mawu akewo mokweza: "Ramadani ikatha ndimapitiriza kufunga osadya, n'kumanama kuti ndikubweza masiku amene ndinaphonya. Bambo akapita kumzikiti kukaitanira anthu ku swala, chakudya changa ndimapatsa nkhuku."

M'mudzimo woitanira swala ndi mmodzi, ndipo mwana wamkazi ali naye mmodzi yekha. Mitu yonse inatembenukira pamphasa pomwe mtsikanayo anakhala.

Mayi ake anaimirira. "Achimwene, ameneyo ndi mwana wa ndani?"

"Wa ku Katuli, mayi," ndinatero. Chonsecho ku Katuli sitinapondeko, ndipo aliyense ankadziwa.

Ndapitako kawiri kukapepesa, koma mtsikanayo akangondiona amalowa m'nyumba. Sindikudziwa ngati akudya. Mu kompyuta yanga akadali nambala 14, wobisika bwinobwino kwa anthu amene sanamuonepo n'komwe.