Waya wa ku Kantini

Pa wailesi ina ya kanema aliyense ankangowatchula kuti a Mawaya. Chipinda chawo chinali chapansi penipeni pa nyumbayo, chopanda zenera, chozizira ngati m'firiji poti makina sagwirizana ndi kutentha. Kunja dzuwa liswe mtengo, iwo jekete ili m'thupi.

Ntchito yawo inali yosamalira maampulifaya ogawa chithunzi. Chithunzi chikachoka mu situdiyo chimalowa m'bokosimo ndi waya mmodzi, n'kutuluka ndi mawaya ambiri mphamvu yake osachepa: wina wopita ku nsanja youlutsira, wina kwa abwana, wina pa kanema wa m'kantini. A Mawaya ankawadziwa onse ngati ana awo, mwinanso kuposa, pakuti ana awo enieniwo anali kutali ndipo ankaimba foni mwa apo ndi apo. Chimwalirireni akazi awo, kunyumba ankangopitirako kugona.

Masiku a makina akale zinthu zinkavutavuta, ndipo kunena zoona iwo ankakondwa nazo. Kanema wa m'kantini akangothima, mayi wophika kumeneko ankatsika yekha masitepe, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Achimwene, mwagonanso pa mawaya anuwa eti? Anthu akundidya ine kumtundaku."

"Khalani pansi, chemwali, tione chavuta."

Chokonza chinali cha kanthawi kochepa, koma a Mawaya ankachikoka dala. Mayiyo ankakhala pa mpando wapakona n'kumawauza za bondo lake, za mpongozi wake waulesi, za amene watenga mbale osabweza. Macheza awo onse pa dziko anali amenewo.

Kenaka kunabwera maampulifaya a dijito. A Mawaya anawalumikiza okha, mwaluso lawo lonse, osadziwa kuti akudzitsekera chitseko. Makinawo sankadwala n'komwe. Timagetsi tobiriwira tinkangoyaka phee, foni ya pa tebulo inachita fumbi, ndipo pa masitepe aja sipanamvekenso phazi la munthu. Kukwera okha kukapempha macheza ankachita nako manyazi. Miyezi inadutsa, ndipo kusungulumwa kunawalowa m'mafupa kuposa kuzizira kuja.

Tsiku lina m'mawa anachita chimene mmisiri sachita. Anapita kuseri kwa bokosi, nasankha waya wa ku kantini, n'kuuzula. Atatero anapukuta mpando wapakona, anakonza kolala ya jekete, n'kukhala pansi khutu lili ku masitepe.

Nthawi ya tiyi inadutsa. Ya nkhomaliro inakwana, ziii. Mtima utalephera kupirira, anakwera.

M'kantini munali modzaza. Kanema uja anali bii pakhoma, koma panalibe ndi mmodzi yemwe womuyang'ana. Aliyense anali ataweramira foni yake, supuni ili kudzanja linalo. Kuseri kwa kauntala kunali mayi wina wachilendo akupakula.

"Pepani mayi, anzanu aja ali kuti? Ovutika bondo aja."

"Aja? Anapuma ntchito kalekale, anabwerera kwawo. Panali phwando lowatsanzika momwemuno, ankati nyumba yonse inaitanidwa."

"Nyumba yonse," anatero a Mawaya chapansipansi.

Mayiyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, chipande chili m'mwamba, ndipo anafunsa mwaulemu ndithu:

"Koma chakudyachi n'cha ogwira ntchito pano okha, bambo. Inu mwabwera kudzaona ndani?"